Chomangira Chopanda Chinzake

Maalem Mbarek, kunena kuti mmisiri wamkulu Mbarek, anatha zaka makumi atatu ndi chimodzi akusula siliva m'kasitolo kake ka ku Tiznit, kupanga zomangira nsalu zomwezo zimene ankapanga bambo ake, mpaka tsiku lina anadzuka ndi matenda oti iyeyo ndi waluso amene dziko silinamudziwe. Ndiye Lachinayi lina masana anaimbira foni mkazi wake Ijja kuti abwere msanga kusitolo atavala nsalu yake yakuda ija, ndipo asafunse mafunso.

Ijja anafika ali wefuwefu, dzanja lina lidakali ndi ufa.

"Wamwalira ndani?"

"Palibe wamwalira. Khalani pansi."

"Ndiye mwadwala."

"Sindinadwale."

"A Mbarek, pa zaka zonse za ukwati wathu mwandiitana kusitolo kuno kawiri. Koyamba munadziwotcha chala, kachiwiri munaiwala mankhwala a shuga."

"Lero ndi kachitatu, ndipo ndi nkhani yabwino. Tsinzinani."

"Ndikatsinzina ndiona bwanji chimene mwandiitanira?"

"Mutsinzine kaye, kenako mupenye."

"Bwanji osangoyambira kupenyako?"

Mbarek anapumira m'mwamba. Mphindi imeneyi anaikonzekera miyezi inayi, ndipo m'maganizo mwake mkazi wake ankagwira pakamwa, misozi ili lengelenge. Anavundukula kansalu koyera kamene kanali patebulo. Pansi pake panali chomangira cha siliva chachikulu ngati chikhatho, chopindika, mbali ina chabuluu, mzere wakuda utadutsa pakati, kamwala kofiira pakona, kamkombero kamodzi chakumunsi, ndi unyolo wolendewera wosapita kulikonse.

Ijja anachiyang'ana kutsogolo, anachiyang'ana cham'mbali, kenako anawerama n'kusuzumira kunsi kwa tebulo.

"Mukufuna chiyani kunsiko?"

"Chinzake. Chagwa?"

"Chilibe chinzake."

"Akuberani?"

"Sanandibere."

"Siliva anakutherani? Mukanandiuza, ndili ndi chibangili chothyoka chija chikungokhala."

"Ijja, ndinachipanga dala chimodzi."

"Dala."

"Dala."

Kuno kwathu ngakhale mwana amadziwa kuti zomangira zimayenda ziwiri, china phewa ili china phewa ilo, unyolo n'kuzilumikiza pachifuwa, nsalu n'kukhala pamalo pake. Mbarek yemweyo anali atapanga mazanamazana a zoterezi, zofanana ngati mazira, ndipo n'chifukwa chake anali atatopa nazo.

"Mapewa ndili nawo awiri," anatero Ijja.

"Ndikudziwa."

"Ndimati mwina munaiwala. Ili, ndi ili." Anawagwira limodzi limodzi. "Nanga chapindika bwanji? Munachiponda?"

"Kupindikako ndinakugwirira ntchito milungu itatu."

"Milungu itatu kuti chipindike? Mphaka wathu akanakuthandizani tsiku limodzi. Nanga pakudapa, chinapsa?"

"Umenewo ndi mdima wa mumtima."

"Mtima wa ndani? Adokotala anati mtima wanu uli bwinobwino, vuto ndi shuga."

"Tamverani, Lalla Ijja." Akayamba kumutchula mwaulemu kuti Lalla, ndiye kuti pali chimene akufuna, ndipo onse awiri ankadziwa zimenezo. "Ichi si chomangira wamba. Ichi ndi chithunzi chimene munthu amavala. Ena amapachika chithunzi pakhoma, ichi amapachika pamunthu."

"Ndiye ine ndikhale khoma."

"Khoma loyenda. Mawa madzulo kubwalo lalikulu kuli chionetsero cha siliva. Oweruza safuna chinthu chogonekedwa patebulo, akuti chivalidwe ndi munthu, ayende nacho pamaso pa anthu. Pepala ndi ili. Wovalayo asaine apa, likafike lero kwa bambo uja Si Lahsen wa komiti kumzikiti kusanaitanidwe swala ya chakumadzulo. Akangoitana, atseka."

Ijja anakonza nsalu yake, nkhope itafewako pang'ono.

"Ndiye pa akazi onse a mu Tiznit mwasankha ine."

"Nanga ndani wina angayenere?"

"Munayamba mwafunsa ndani?"

Mbarek anayamba kukonza tupa amene anali kale pamalo pake.

"Atsikana oyenda mwaukadaulo a ku Agadir aja anatengedwa kale ndi masitolo akuluakulu."

"Kenako?"

"Mchemwali wanga Mamas anati chimubaya pakhosi."

"Kenako?"

"Mwana wa achimwene anaseka mpaka kutsamwa. Tinachita kumupatsa madzi."

"Basi?"

"Ndinafunsanso ngati angalole chidole cha telala wapakona uja, chokhala ndi mateyala."

"Ndiye ine ndabwera pambuyo pa chidole."

"Chidolecho a komiti anachikana."

"Akanachilola?"

Mbarek anayang'ana wotchi yapakhoma. Wotchiyo sinamuthandize.

Ijja anatenga pepala lija n'kulitalikitsa ndi maso. "Pamwambapa mwalemba chiyani? Magalasi ndasiya kunyumba."

"Dzina lake."

"Chili ndi dzina? Nkhosa ya mwambo wopatsa mwana dzina munapha liti? Ine bwanji simunandiitane?"

"Zinthu zaluso zimakhala ndi mayina, Ijja. Ichi dzina lake ndi Kusungulumwa."

Apo m'pamene Ijja anakhala pampando uja anauzidwa kalekale.

"Mwasungulumwa."

"Si ine."

"Ndani?"

"Munthu."

"Munthu wake uti? Wa mumsika muno? Bambo uja Si Bihi wogulitsa mikanda? Uja ali ndi ana asanu ndi atatu, angathokoze Mulungu atasungulumwako tsiku limodzi."

"Munthu aliyense. Mtundu wa anthu."

"Ndiye mtundu wa anthuwo ubwere udzavale."

"Aa, koma inu."

"Dzinali akalitchula?"

"Pachimkuzamawu. Amatchula dzina la chinthucho, la wopanga, ndi la wovala."

Ijja anaimirira, anakunga chibakera pakamwa ngati chimkuzamawucho, n'kukweza mawu mpaka wosoka nsapato wa kutsidya la kanjira anatembenuka.

"Amayi ndi abambo, nachi Kusungulumwa kwa Maalem Mbarek, kwavalidwa ndi mkazi wake."

"Tsitsani mawu."

"Mawa akatsitsa? Mukudziwa kuti mzere woyamba kumakhala ndani? Lalla Zaina ndi gulu lake. Azimayi aja sayang'ana nkhope, amayang'ana siliva. Akaona mkazi wavala zolemera amati mwamuna wake amamukonda. Akaona zopepuka amati malonda avuta. Ndiye aone mkazi wa wosula siliva wavala chimodzi, chopindika, unyolo woduka, dzina lake Kusungulumwa. Pofika Loweruka nkhani idzakhala itasambitsidwa kosambira konse kwa azimayi."

"Adzati Maalem Mbarek ndi waluso."

"Adzati Maalem Mbarek akufuna mkazi wachiwiri. Lalla Zaina ali ndi mng'ono wake wamasiye uja. Lachisanu linalo muona mbale ya chakudya cha kusikusi ikulowa m'sitolo muno, yovindikira ndi kansalu kopeta."

"Ine mkazi wachiwiri ndikamuike pati? Tandionani. Mimba iyi, magalasi awiri, mano anayi a dokotala."

"Mng'ono wakeyo maso ake ndi ovuta."

Mbarek anavula magalasi ena n'kutsala ndi ena. Mumtima anali ndi mantha enieni, chifukwa singano ya wotchi inkayenda ndipo pepala linali losasaina.

"Ijja, ndikuuzeni zoona. Bambo anga atati auke lero, akhoza kulowa muno, kukhala pampando uwu, n'kupitiriza pamene anasiyira osazindikira kuti anafa. Palibe chasintha. Makona atatu omwewo, timadontho tomweto. Zaka makumi atatu ndakhala ndikukopera munthu wakufa. Ichi chokha ndicho changa. Chikapanda kuvalidwa mawa, chibwerera m'kansalu, ndipo ndikadzafa Tilila adzachisungunula n'kupangira masipuni."

Tilila anali mwana wawo mmodzi yekhayo, amene anakwatiwa kutali ku Tanja zaka zitatu zapitazo.

"Masipuni amakhala ndi ntchito," anatero Ijja. Koma anatambasula dzanja. "Bweretsani ndiyese. Kuyesa chabe, sindinavomere."

Anamasula zomangira zake zakale, ziwiri zimene Mbarek anamupangira pa ukwati wawo, n'kuziika patebulo. Mbarek anamumangira chatsopanocho paphewa lakumanzere. Anabwerera m'mbuyo masitepe awiri, poti sitoloyo sinkalola atatu. Nsalu ya kuphewa lakumanja inatsetsereka mpaka m'chigongono.

"Mwaona?" anatero Ijja.

"Gwirani ndi dzanja."

"Nanga anthu ndiwapatsa moni ndi chiyani?"

"Kusungulumwa sikupereka moni."

"Azakhali anu akakhala pomwepo, ndiwadutse?"

"Muwagwedezere mutu."

"Nanga unyolowu? Ukundimenya pamimba. Ukupita kuti?"

"Sukupita kulikonse. Ukufunafuna."

"Ukufunafuna chiyani?"

"Chimene palibe."

"Chinzake."

"Ayi, si chinzake."

"A Mbarek, unyolo ukulendewera, ukufunafuna, mbali inayo nsalu ikugwa. Ngakhale unyolowo ukugwirizana ndi ine."

Apa Mbarek anaganiza zotulutsa chida chake chomaliza. Kuseri kwa tebulo kunali chinthu chokutidwa ndi bulangete, chimene sanaonetsepo munthu aliyense. Anachinyamula ndi manja awiri n'kuchitsamiritsa kukhoma.

"Simukumvetsa chifukwa simunaone kumene chinachokera. Mukumukumbukira Musye Gaspar?"

"Mzungu wa ku Belgium uja tinamuchititsa lendi chipinda cha Tilila chaka chatha? Uja ankamaliza mafuta a azitona ngati akumwa?"

"Yemweyo. Anali wojambula wamkulu."

"Ankajambula ngamila."

"Ngamila zinali zogulitsa kwa alendo. Za mumtima ankabisa. Atachoka ndinapeza ichi kuseri kwa bedi. Ndinaima ola lathunthu ndikuchiyang'ana, Ijja. Ine amene sindinalire pamaliro a amalume, ndinalira."

Anachotsa bulangete. Linali thabwa lalitali ngati mkono, lopakidwa buluu mopita uku ndi uku, mzere wakuda utatsika pakati, kadontho kofiira pakona, ndi mkombero umodzi chakumunsi.

Ijja anayandikira, dzanja lidakali paphewa. Mbarek anamva mtima wake ukukwera, poganiza kuti mphindi ya misozi ija yafika tsopano.

"Tembenuzani," anatero Ijja.

"Chithunzi sachionera kumbuyo."

"Tembenuzani."

Anatembenuza.

"Mabowo awa mukuwaona? Awiri pamwamba, awiri pansi."

"Ndi popachikira."

"Ndi a mahinjesi. Ichi ndi chitseko cha kabati ya kukhitchini kwathu. Zaka zitatu ndikuchifuna. Zaka zitatu mphaka akulowa ndi kutuluka m'kabati muja ngati ndi mwake. Ndinakuuzani kangati kuti kabati ilibe chitseko?"

"Ndinati ndidzaona."

"Ndiye mwaonadi. Ola lathunthu."

Munthu wina akanagonjera pomwepo. Koma Mbarek anabadwa ndi mutu wouma, ndipo miyezi inayi siitayika mosavuta chotero.

"Zimenezi zikungotsimikiza," anatero. "Ojambula akuluakulu akagwidwa ndi mzimu sasankha. Munthu uja anazula chitseko chifukwa mtima unali ukumuwotcha."

"Ndinazula ndine, mzungu wanuyo asanadziwe n'komwe njira ya ku Tiznit. Ndinkafuna poyesera penti. Ndinkapenta nyumba."

"Nyumba iti?"

"Yathu."

"Inapentedwa?"

Ijja anamuyang'ana m'maso.

"Chipinda chimene mumagona ndi cha mtundu wanji, Maalem?"

"Choyera."

"Chabuluu."

"Chabuluu choyererako."

"Chabuluu ngati thabwali. Zaka zitatu."

"Ndimalowamo maso atatopa." Anatembenuzanso thabwalo mofulumira. "Chabwino, thabwa ndi lanu, penti ndi wanu. Koma dzanja ndi la mzungu. Taonani buluuyu mmene akupitira uku n'kubwerera, kupita n'kubwerera. Ameneyu ndi munthu amene akuyendayenda m'moyo osapeza pokhala."

"Ndinkapukutira burashi."

"Nanga mzere wakudawu? Taonani mmene watsikira mwamphamvu, mosabwerera. Umenewu ndi mzimu wa munthu ukugwa."

"Si mzimu, ndine. Ndinkapenta zitsulo za pawindo, makwerero anatsetsereka. Burashi inadutsa pamenepo, ine ndinadutsa pambali pake."

"Munagwa?"

"Ndinatsimphina milungu iwiri. Munandifunsa ngati nsapato zikundithina."

Zimenezo Mbarek anazikumbukira, ndipo anakumbukiranso kuti anadziona ngati mwamuna watcheru pofunsa funsolo.

"Nanga kofiiraka?" Mawu ake anali atatsika. "Pamenepa ndinaikapo mwala wa m'nyanja wa bambo anga, umene ndinausunga zaka makumi awiri. Ndimati ndi mtima wa wojambulayo, waung'ono, uli wokha pakona."

Ijja anatambasula chala chamkombaphala. Panali kachipsera koyera.

"Msomali wa pamakwerero. Ndinadzimanga ndekha, mfundo ndinakoka ndi mano."

"Bwanji simunandiimbire?"

"Munali pantchito."

Kunja munthu wina anadutsa ndi ngolo ya malalanje akuitanira malonda. Mbarek anakhala pampando wa bambo ake. Panatsala chinthu chimodzi, ndipo ankaopa kuchifunsa, koma ankaopanso kuchisiya.

"Mkomberowu," anatero, akuloza osakhudza. "Uwu ndi umene unandiliza. Zinazo n'zokongoletsa chabe. Ndinaona mkombero umodzi, wopanda kanthu mkati, wopanda unzake pambali. Ndinati munthu amene anajambula ichi analibe aliyense padziko. Ndiuzeni, ndi chiyani? Chitini cha penti?"

"Ndi pansi pa tambula ya tiyi."

Mbarek anaseka. Anaseka mpaka kuvula magalasi otsala aja n'kupukuta maso.

"Tambula ya tiyi. Mulungu wanga. Miyezi inayi ndikulirira mzungu. Mzungu amene ankadya buledi wanga n'kumanenepa, amene amatitumizira zithunzi ali kunyanja ndi mkazi wake ndi galu. Ndinkamupempherera, Ijja. Ndinkati Mulungu amupezere mnzake. Ndinapita kwa Si Lahsen n'kumuuza kuti ndapeza chuma chobisika cha ku Ulaya. Chikhalirecho ndi chitseko cha kabati. Ine ndine bulu."

"Bulu amabwera kunyumba masana."

Sananene mokalipa. Ananena mmene ananenera za mapewa aja, ngati munthu amene akungotchula chimene chilipo. Mbarek analeka kuseka.

"Koma apa pokha munaona bwino," anapitiriza Ijja, akuyang'ana thabwalo. "Mkombero ndi umodzi chifukwa tambula inali imodzi. Tilila atachoka ndinkatulutsabe matambula awiri masana, ndimati mwina mubwera. Mlungu woyamba, wachiwiri, wachitatu. Tiyi wanu ankazizira, ine n'kumuthira pamaluwa. Kenako ndinayamba kutulutsa imodzi. Nyumba inali zii, a Mbarek. Ndinagula penti kuti ndizimvako ngakhale phokoso la burashi."

Kuno tiyi si chinthu chomwa munthu yekha. Ngakhale mdani wako akakupeza tipoti ili pamoto umamutsukira tambula. Mbarek anamva manyazi amene sanawamvepo chibadwire, ndipo sanali a chitseko cha kabati ayi. Chinthu chimene chinamuliza pathabwa chinali chikumupatsa buledi m'mawa uliwonse zaka zitatu, iye osakweza maso.

Anatenga pepala lija.

"Basi. Sitipita. Ndiling'amba."

"Siyani pepalalo."

"Ndiye ndisinthe dzina. Tilembe Chimwemwe cha M'banja."

"Chopindika chonchi?"

"Madalitso. Duwa la M'chipululu. Chilichonse."

"Dzina lisasinthe."

"Nanga Lalla Zaina?"

"Anene."

"Mng'ono wake? Kusikusi uja?"

"Akabweretsa tidya. Amaphika bwino."

"Ijja, inu nomwe munati anthu adzaseka. Ndi chinthu chonyansa ichi, tsopano ndikuchiona. Chopindika, chopsa, chobaya. Mamas ananena zoona. Sichingavalidwe ndi munthu."

"Ine ndachivala zaka zitatu. Inu mwangochipukuta kuti chiwale. Bweretsani cholembera."

Anamupatsa cholembera. Patebulo panalibe malo, poti panali patadzaza timanyundo ndi tizidutswa ta waya, ndiye Ijja ananyamula tambula ya tiyi ya mwamuna wake kuti ayalepo pepala. Anaima, tambula ili m'manja. Pansi pake, pathabwa la tebulo, panali mkombero wakuda umene unalowerera m'thabwamo, wosonyeza kuti tambulayo yakhala ikuikidwa pamalo omwewo masiku ambirimbiri.

"Nanga uwu anajambula ndani? Mzungunso?"

Mbarek anauyang'ana ngati akuuona koyamba.

"Ndi tambula yanga."

"Ina ili kuti?"

"Ndili nayo imodzi."

"Si Bihi samwa nanu?"

"Ndimatseka chitseko masana."

"Mumatseka chitseko, n'kumwa nokha, nyumba yanu ili kuseri kwa mzikiti pompa."

"Ndinayesa kubwera," anatero Mbarek, akuyankhula ndi tebulo. "Mlungu woyamba uja. Ndinafika mpaka pakhomo, ndinaona nsapato zakale za Tilila zili pomwe ankazivulira. Ndinabwerera. Ndimati ndikalowa n'kuona pamalo pake palibe munthu, ndilira pamaso panu, inu n'kuyambanso. Ndimati ndikukutetezani."

"Munanditeteza kwambiri."

"Ndikudziwa."

"Mpaka ndinagwa pamakwerero."

"Ndikudziwa, Ijja."

Ijja anaika tambula ija pambali, anayala pepala, n'kusaina pang'onopang'ono, lilime lili pakona ya pakamwa, mmene amasainira kupositi. Analipinda n'kulilowetsa m'nsalu. Kenako anamasula chomangira chopindika chija, anachiika pafupi ndi mkombero wa patebulo, n'kumanganso zake ziwiri zakale. Chitseko cha kabati anachipanira m'khwapa.

"Chimenecho mukupita nacho kuti?"

"Kukabati kwake. Pepala ndikasiya ndekha kwa Si Lahsen, nthawi ilipo pang'ono. Inu yatsani moto."

"Moto wa chiyani?"

"Muli ndi lero ndi mawa mpaka madzulo. Chibangili chothyoka chija ndikubweretserani, pamodzi ndi tambula yanga. Kupindika musavutike nako milungu itatu, mungochiponda."

Mbarek anaimirira. Mutu wouma uja unali usanafe wonse.

"Ijja, mverani. Zonse ndavomera. Ndine bulu, chipinda n'chabuluu, mzungu ankajambula ngamila. Koma ichi chokha ndikudziwa ine monga mmisiri. Chinthu dzina lake Kusungulumwa sichingakhale ziwiri."

Ijja anaima pakhomo. Analoza mkombero wa pachitseko chimene chinali m'khwapa mwake, kenako analoza wa patebulo.

"Werengani, Maalem. Nanga ine ndinafunsa chiyani mutangovundukula? Chinzake chili kuti?"